Mabatire a sola akafa mumawatani? Komanso ndi zoona kuti sola siwononga chilengedwe?

Mayi_wa_Chilomoni

Mwaswera bwanji nonse muno. Ndili ndi funso ndipo amene mumazidziwa bwino zimenezi chonde mundiyankhe mosabisa. Ine ndili ndi kaokala pakhomo, ndimagulitsa mafirizesi ndi zakumwa zozizira, nde chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi kuja ndinaikitsa sola, mapanelo awiri ndi mabatire awiri akuluakulu othira madzi aja, kuti firiji isamazime komanso ana aziwerenga usiku. Poyamba zinkayenda bwino kwabasi koma pano mabatire onse atha, olo atchajidwe tsiku lonse dzuwa lili phwee, ikangoti 8 koloko usiku inveta, kachipangizo kosintha mphamvu ya batire kukhala magetsi a m'nyumba, yayamba kale kulira. Tawatsitsa ali kuseli kwa nyumba, limodzi lafufuma m'mbali ndipo pamitu pake patuluka zinthu zoyerayera.

Anyamata ogula zitsulo zakutha amene amayenda ndi wilibala aja akuwafuna, bambo a kunyumba akuti tingogulitsa tipezepo ya ndiwo, koma ine tsiku lina ndinawaona anyamata oterewa kuseli kwa msika akuswa batire ndi nkhwangwa, madzi ake anangokhuthulira mu ngalande momwe ana amaseweramo, nde mtima wanga ukukana. Kodi madzi amenewa ndi oopsa bwanji? Nanga anzanga a sola mabatire akafa mumapita nawo kuti?

Funso lina ndi lakuti pa wailesi tsiku ndi tsiku amati sola ndi mphamvu yaukhondo yosaononga chilengedwe, tisiye makala tisiye majenereta. Ine ndikugwirizana nazo koma ndikaona mabatirewa ndikumadzifunsa kuti ngati nyumba iliyonse m'Malawi muno ikhale ndi awiri akufa kuseli kwa nyumba, zidzathera kuti? Ndithandizeni maganizo.

Amisiri_a_Sola_Biwi

Mayi mwachita bwino kufunsa musanagulitse. Ine ntchito yanga ndi yomweyi, kuika ndi kukonza masola, nde ndiyambe ndi zoti muchite lero lomwe. Mabatirewo musawagoneke chammbali, aimikeni chilili pa thabwa, pamthunzi posafika mvula, ndipo ana asawayandikire olo pang'ono. Madzi ali mkatimo ndi asidi, akadontha pa khungu amaotcha, akalowa m'maso munthu atha kuchita khungu. Zoyerazo musagwire ndi manja, valani jumbo kumanja, ndipo pamene padonthera thirani soda yemweyu wothira mu therere, muona pakuchita thovu, ndiye kuti asidi uja akufa mphamvu.

Koma chimene ine chimandiopsa kwambiri si asidiyo ayi, ndi mtovu. Batire limalemera chonchija chifukwa zoposa theka la kulemera kwake ndi mtovu, ndipo anyamata aja chomwe akufuna ndi chimenecho. Akaswa amausungunula pa moto mu chitini, ena amagulitsa kwa asodzi kuti apangire zolemetsa maukonde, ena amatumiza kwa ogula sikirapu akuluakulu. Utsi ndi fumbi lake zimakhalira mu dothi zaka ndi zaka osaola, mwana akamasewera pamenepo nkumaika zala mkamwa ukulowa m'magazi, ndipo umaononga ubongo mwakachetechete, mwana amangoyamba kuvutika m'kalasi anthu nkumati ndi wopanda nzeru. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amanena poyera kuti palibe mulingo wa mtovu m'thupi umene unganenedwe kuti ndi wabwinobwino.

Nde malangizo anga, pitani nawo kwa ogulitsa mabatire enieni mu town, ena amalandira akale nkukuchotserani mtengo pa atsopano, ndipo apite osaswa, madzi ake ali momwemo. Batire la mtovu likafika ku fakitale yoyenera pafupifupi lonse limabwerera kukhala latsopano, mtovu, pulasitiki, zonse. Vuto ndi kuswera kuseli kwa msikako basi.

Tsopano chifukwa chomwe amafera msanga, apa ndi pamene ndimalimbana ndi makasitomala daily. Batire lothira madzi silifuna kulikama mpaka mphamvu kutheratu, ikafika theka limafuna lipume, koma firiji usiku onse imalikoka mpaka pansi, mawa dzuwa likhale la mitambo silidzadza, usiku likokedwenso, miyezi ingapo latha. Ena amagula la galimoto poti ndi lotchipa, pomwe la galimoto linapangidwa kuti lingolizitsa injini kamphindi kochepa. Ena amalumikiza panelo molunjika ku batire opanda controller, kachipangizo kowongolera kutchaja, limawira mpaka kufufuma, ena amathira madzi a pampopi m'malo mwa madzi a batire ogula aja. Komanso msika wadzadza ndi mabatire olembedwa 200Ah, kusonyeza ngati amasunga mphamvu yambiri, koma ukalinyamula ndi dzanja limodzi likutheka, amenewo ndi bodza lokhalokha ndipo ndi amene akudzadza m'zinyalala.

Ngati thumba lingalole gulani la lithium la mtundu wa LiFePO4, ndi lodula inde koma limatha zaka zambiri, mungasinthe a madziwa kangapo ilo likadali moyo, nde zinyalala zimachepa. Nalonso si loyera kotheratu, miyala yake imachita kukumbidwa, ndipo likadzatha osaliponya pa moto. Mapanelo okha musade nawo nkhawa, abwino amapitirira zaka 20 ndipo mbali yaikulu ndi galasi ndi aluminiyamu. Kwa ine sola ndi yabwino kutalitali kuposa jenereta ya petulo yofuka pakhonde, chongofunika tizinena zoona kuti mbali yake yauve ndi batire.

Wa_Chipata_ku_Kabwe

Amayi mverani zomwe anena amisiriwo pa nkhani ya mtovu, ine kwathu ndi ku Chipata koma ndikukhala kuno ku Kabwe ku Zambia ndipo tauni ino ndi umboni. Kuno kunali mgodi wa mtovu ndi zinc kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, nthawi imeneyo tauni ikutchedwa Broken Hill, unatsekedwa 1994 koma mpaka lero dothi la m'makomboni ngati Kasanda, Chowa ndi Makululu lili ndi poizoni, ana akayezedwa magazi ambiri amapezeka ndi mtovu wokwera moopsa. Mulu wa zotsalira za mgodi uja ukadalipo ndipo anthu amakakumbabe kufuna kupeza ya chakudya, nthawi ya mphepo fumbi lake limalowa mpaka m'nyumba, azimayi amachita kuwaza madzi pabwalo asanasese. Zaka zoposa 30 zadutsa mgodi utatsekedwa koma ana obadwa lero akudwalabe nazo. Nde ndikamva zoswa batire pafupi ndi msika thupi langa limachita tsembwe.

Pa funso lanu lachiwiri, ife kuno tinaphunzira mowawa mu 2024. Mvula itakanika madzi ku damu la magetsi la Kariba anatsika zedi, magetsi ankabwera maola atatu pa tsiku mwinanso osabwera, ma barbershop, owotcherera zitsulo, zigayo, zonse zii. Aliyense amene anali ndi kangachepe anathamangira kugula sola ndi mabatire, osauka anathamangira makala, matumba anali mbwee mumsewu wa Great North. Mabatire onse anagulidwa chaka chimenecho adzafa nthawi imodzi, nde funso lanu lija ndi lathunso kuno.

Komanso magetsi a madzi timati ndi aukhondo koma funsani a Tonga a ku chigwa cha Gwembe. Pomanga Kariba kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anthu pafupifupi 57,000 anasamutsidwa mbali zonse ziwiri za Zambezi, minda yawo yachonde ndi manda a makolo zinamira, anakawasiya kumtunda kouma, ndipo midzi yambiri inakhala zaka zambirimbiri osaona magetsi a damu lomwe linawasamutsalo.

Mwana_wa_Shire_Liwonde

Ndalowa mochedwa koma nkhaniyi yandikhudza poti ine ndinakulira m'mbali mwa Shire. Mayi a ku Chilomoni, chimene chinakupangitsani kugula mabatirewo ndi kuzima kwa magetsi eti? Nde tiyeni tione komwe kuzimako kumachokera, chifukwa nkhani ya chilengedwe yagona pamenepo.

Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi basi. Nkula A inayamba 1966, kenako Tedzani, Nkula B, Kapichira, mpaka Tedzani IV imene anatithandiza a ku Japan inatha 2021, zonsezi zandandalikana pa Shire yemweyu, kupatula ka Wovwe ku Karonga ndi tina ting'onoting'ono ngati ta ku Mulanje. Shire akadwala dziko lonse ladwala. Ndipo amadwala njira zingapo. Kuno ku Liwonde pa baraji, imene inamangidwa 1965 kuti iziwongolera madzi ochoka m'nyanja, nthawi ya mvula mukaima pa mlatho muona zilumba zathunthu za udzu ndi namasupuni zikuyandama, zina zazikulu moti mbalame zimatera pamwamba nkumayenda nazo, pali makina amene ntchito yake ndi kuvuula zimenezi ndi kukazitaya kumtunda, zikapulumuka zimakatseka masefa ku Nkula makina nkuima. Namasupuniyu amakondwa ndi feteleza ndi dothi lokokoloka m'minda mwathu.

Kunsi kwake nde matope. Mitsinje ngati Lisungwi, Rivirivi, Lirangwe ndi Lunzu imabwera yofiira ndi dothi chifukwa mapiri ameteka ndipo anthu akulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, dothi lonselo limakakhala m'madamu a kampani yopanga magetsi ya EGENCO, malo osunga madzi amachepa, mchenga umadya makina, ndalama zambiri zimathera kukokola matope m'malo mogula makina atsopano. Nde taonani mmene zimazungulira, magetsi akazima tonse timagula makala, owotcha makala amadula mitengo yambiri, dothi limapita mu Shire, magetsi amazimanso kwambiri.

Kenako nyengo. 2016 ndi 2017 nyanja inatsika, magetsi anavuta mpaka boma linabweretsa majenereta a dizilo a kampani ya Aggreko mu 2018, odula komanso ofuka utsi. January 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 anachoka tsiku limodzi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a dziko lino, ndipo zinatenga mpaka 2023 kuti abwerere. 2024 nyanja yomweyo inadzadza mpaka kumiza malo ogona alendo ku Mangochi. Ndipo akuluakulu amakumbutsa kuti kuyambira cha m'ma 1915 mpaka m'ma 1930 nyanja inatsika moti Shire anasiya kutuluka, zinachitikapo zimenezi, si nthano.

Chifukwa chake ine sola zikuluzikulu zija ndimazilandira ndi manja awiri, ya kampani ya JCM ku Salima ya mamegawati 60 inayamba 2021, ya ku Golomoti ya 20 imene ili ndi mabatire ake osungira, ya ku Nkhotakota ya 21. Ubwino wake miyezi ya September, October, November pamene madzi achepa ndi pamene dzuwa likuswa mtengo, nde masana sola igwire ntchito madzi asungidwe, usiku madzi agwire. Magetsi a ESCOM akakhala odalirika mayi ngati inu simufunikanso kugula mabatire chaka ndi chaka.

Mayi_wa_Chilomoni

Zikomo kwambiri nonse, zambirizi sindimazidziwa. Mabatire ndawaika pa thabwa mu kachipinda kosungira makasu ndakhoma, Loweruka tipita nawo ku Limbe. Achimwene a ku Liwonde mwanena zoona za makala, ineyo olo magetsi alipo nyemba ndimaphika pa mbaula chifukwa pa hotipuleti mayunitsi amathamanga koopsa. Nde pamenepa munthu atani?

Aphunzitsi_Mitundu

Asisi mwafika pa nkhani yeniyeni tsopano. Ine zimandipweteka kuti tikamakamba za mphamvu za magetsi aliyense amaganiza za babu, TV ndi kutchaja foni, koma chimene chikumaliza nkhalango zathu ndi mphika. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa nyumba 100 zilizonse pafupifupi 77 zimaphikira nkhuni, 18 makala, zophikira magetsi ziwiri zokha. Sola ya mapanelo awiri siingaphike nsima, nde olo mudzi onse uwale usiku mitengo ikupitabe.

Ine ndimakhala kufupi ndi Dzalanyama. M'bandakucha mukaima pamsewu muona njinga zili mndandanda, iliyonse matumba atatu ena anayi omangidwa mpaka kupitirira mutu wa mwini wake, akukankha thukuta lili kamukamu kulowera ku Lilongwe. Nkhalango imeneyi ndi kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, madzi a ku Kamuzu Dam amene anthu a mu mzinda akumwa, zinafika poti boma linatumiza asilikali kukalondera. Ndipo uvuni wa dothi uja umaononga, kuti mupeze kilo imodzi ya makala pamapsa makilo asanu a mtengo kapena kuposa, ndipo amasankha mitengo yachilengedwe ngati tsamba ndi muwanga imene imatenga zaka zambiri kuti ikule. Bowa amene tinkazula tili ana pansi pa mitengo imeneyi akusowa, uchi ukusowa, zitsime zikuphwa msanga. Inu a ku Blantyre simufunika kuuzidwa, munaona nokha zimene madzi ochoka m'phiri la Soche anachita ku Chilobwe nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023.

Utsinso tisauiwale, mayi amakhala mu khitchini yopanda windo mwana ali kumbuyo, maso ali ofiira, chifuwa chosatha. Ndipo June ndi July chaka chilichonse timamva za anthu omwalira atagona ndi mbaula m'nyumba yotseka, chonde abale mbaula isamagone m'nyumba.

Zoti mungachite zilipo ndithu olo sizimaliza zonse. Nyemba muziviika usiku, zimapsa msanga. Chitetezo mbaula, ya dothi ija, imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa ndipo imayaka ndi tinthambi, zitsononkho, mapesi a nandolo. Kuno ena tadzala nsungwi ndi nandolo m'malire a munda kuti tizipeza zophikira pakhomo pomwepo. Amene ali ndi khola la ng'ombe kapena nkhumba biogas imatheka, ndowe zomwezo zimatulutsa gasi wophikira ndipo zotsalira ndi manyowa abwino. Mu town gasi wa m'silinda, ndikudziwa kuti ameneyu si wongowonjezereka, ndi m'bale wake wa petulo, koma kwa ine bola gasi kusiyana ndi kumaliza Dzalanyama. Pali makala ovomerezeka ochokera ku mitengo yodzala ngati a ku Kawandama ku Viphya, palinso mabriketi, makala oumba kuchokera ku zinyalala. Ndipo poti inu magetsi muli nawo, funsani za pressure cooker ya magetsi, poto wotseka mpweya amene amaphika msanga.

Mphwake_wa_ku_Neno

Aphunzitsi zonse mwanenazo ndi zoona koma ndikupempheni tisamangoloza chala owotcha makala. Ine kwathu ndi ku Neno ndipo ndinaphunzira sukulu ndi ndalama ya makala, amalume anga ankagona kutchire kudikira uvuni, akabwera maso ofiira akutsokomola zakuda, ndipo phindu lenileni sankadya iwo, ankadya a malole ogula pa Zalewa nkukagulitsa mu town mtengo wowirikiza. Palibe munthu amaikonda ntchito imeneyi. Mvula ikavuta, feteleza wakwera, mwana akufuna fizi, mtengo uli poteropo, mukuti atani? Lamulo la nkhalango analikhwimitsa 2020, zilango zinakwera, koma amene amalandidwa njinga ndi wosauka yemweyo pomwe ogula ali phee mu Area 47 ndi ku Namiwawa. Bola ogula akapeza chophikira china chotchipa, uvuni udzazima wokha.

Chinanso chimene chimatiwawa ife, Nkula ndi Tedzani zili pakhomo pathu penipeni, mawaya akuluakulu amadutsa pamwamba pa midzi yathu kupita ku mizinda, koma pansi pake anthu akuunikira tochi ya mabatire, ndipo timabatire timeneto tikatha timangoponyedwa m'chimbudzi kapena kuseli kwa nyumba ana nkumatiswa. Pano kukubwera Mpatamanga, damu lalikulu pakati pa Tedzani ndi Kapichira, mamegawati oposa 350, World Bank inavomereza thandizo lake mu 2025. Ine sindikulikana, dziko likufunika magetsi amenewo ndipo bola amenewa kusiyana ndi a malasha amene ankafuna kumanga pa Kam'mwamba aja. Koma pali mabanja mbali ya Neno ndi ya Blantyre amene minda yawo ya m'mbali mwa mtsinje imira, ndipo kunsi kwake kuli Majete ndi dambo la Elephant Marsh kumene asodzi ndi alimi a madimba amadalira mmene madzi amabwerera. Zimene anena achimwene a ku Kabwe za a Tonga zisadzachitikenso kuno, chipukuta misozi chikhale chokwanira, chifike m'manja mwa eni munda osati kuthera m'njira, ndipo midzi yozungulira ikhale yoyamba kulumikizidwa.

Sola zikuluzikulu nazonso chimodzimodzi, ya ku Salima ija yakhala pa mahekitala oposa 100, ndipo malo amenewo sanali opanda eni, anthu ankalimapo ndi kudyetsapo ziweto. M'dziko lopanikizana ngati lathu lino ndi bwino tiziyamba taika mapanelo pa madenga a masukulu, zipatala ndi mafakitale. Kumidzi kutali njira ngati ya ku Sitolo ku Mchinji, sola imodzi yodyetsa mudzi onse mpaka chigayo, kapena ya ku Bondo ku Mulanje yoyendera madzi a mtsinje wa Lichenya, ndi imene ine ndimaiona yanzeru, chifukwa m'malo moti nyumba iliyonse ikhale ndi batire lake lofera kuseli, zida zimakhala malo amodzi ndipo pali munthu wozisamala.

Amisiri_a_Sola_Biwi

Achimwene a ku Neno mfundo ya ma mini-grid, magetsi a malo amodzi odyetsa mudzi onse aja, ndagwirizana nayo kwambiri, ndi mmene zimayenera kukhalira. Ndingoyankhapo za pressure cooker poti ena andifunsanso ku inbox. Imakoka mawatsi pafupifupi 1000 koma si nthawi yonse, ikangotentha nkutseka mpweya imazima yokha nkumangoyaka pang'onopang'ono, nde nyemba zoviika zimapsa osakwana ola limodzi ndipo simumaliza yuniti imodzi, pomwe hotipuleti imakoka mosalekeza maola awiri atatu. Nyama yolimba, chingowe, mpunga, zonse zimatheka. Pa sola yanu ya mapanelo awiriyo musailumikize mayi, mupha mabatire atsopanowo, igwiritseni ntchito pa magetsi a ESCOM akakhalapo. Amene akufuna kuphikira pa sola akufunika inveta ya mawatsi osachepera 1500, mapanelo okwanira, ndipo aziphika masana dzuwa lili pamutu kuti mphamvu izichokera ku mapanelo osati ku batire. Pogula onetsetsani kuti rabala ya pa chivindikiro ikupezeka yapadera, imeneyo ndi imene imayamba kutha.